Khofi Wotayidwa M'sinki

Amuna ena akamapita kukaonekera kwa makolo a mkazi amanyamula shuga, ena nsalu, ena amangonyamula mano oyera ndi mabodza okonzeratu. Wamagetsi ananyamula makina a khofi.

Mzime atamuona akutsika nawo m'galimoto ya kuntchito, atawakumbatira pamimba, thukuta lili kamukamu, anagwira pakamwa. Anali atamuuza, n'kumuuzanso, kuti mayi ake si munthu wotengeka ndi zonyezimira. Koma mwamuna akakhala ndi chinthu chimodzi chimene amadzidalira nacho, kumuletsa n'kungotaya malovu.

"Ndiye wabwera nawodi?" anamufunsa pageti monong'ona.

"Pakamwa panga ukupadziwa," anayankha Wamagetsi akupumira m'mwamba. "Ndikaona munthu wamkulu mawu amandithawa. Bola khofiyu akandilankhulire."

"Nanga akakalankhula zosayenera?"

"Khofi wanga sanandichititsepo manyazi. Tagwira kachigayoka, kagwa."

Mzime anali womaliza kubadwa m'banja mwawo, ndipo dzinalo linamukanirira ngakhale tsopano anali mayi wa mwana wa zaka zisanu, kamtsikana kolongolola kamene aliyense ankakatcha Tsabola. Anabwerera kwa mayi ake banja litatha. Bambo a mwanayo anangodzuka tsiku lina n'kunena kuti chikondi chatha, ngati akunena za sopo. Pambuyo pake zinamveka kuti kunali wina. Mzime analira mpaka misozi inamutopetsa, kenako anapeza ntchito ku famase n'kulumbira kuti za amuna wathana nazo.

Malumbiro otere sakhalitsa. Ku famase komweko kunabwera munthu wodzakonza mawaya, wamtali, wamanyazi, amene anamupeza akusungunula khofi wa m'botolo m'madzi ofunda, n'kupukusa mutu ngati waona ngozi ya pamsewu. M'mawa mwake anabwera ndi kafulasiki. Mzime atalawa anaiwala n'komwe kufunsa dzina la mwini wake. Dzinalo analidziwa pambuyo pake, koma linafika mochedwa, loti Wamagetsi litakhazikika kale. Tsopano munthuyo ankafuna ukwati, Mzime nayenso ankaufuna, koma anali atanenetsa kuti popanda mayi ake kuvomereza sasuntha phazi. Mayiwo ndi amene anamutola atatayidwa.

* * *

Mayi a Mzime analera okha ana onse, amuna awo atamwalira, ndipo m'nyumba mwawo simunkatayidwa kanthu. Botolo la mafuta likatha linkasanduka la mchere. Tawulo likang'ambika linkatsika udindo n'kukhala chokolopera. Kathumba ka tiyi kankaviikidwa kawiri, ndipo kakaoneka kuti kadakali ndi moyo kankayanikidwa pazenera.

Anamulandira mlendoyo mwaulemu wozizira.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

"Ndaswera bwino, amayi, kaya inu." Mawu a Wamagetsi anathera pomwepo. Anayang'ana denga, anayang'ana nsapato zake, kenako anapempha ngati angalowe ku khitchini.

Kumeneko ndiye anasanduka munthu wina. Anaika makina patebulo, nathira madzi, nawayatsa kuti atenthe. Anatsegula thumba la njere za khofi zokazinga kumene, fungo n'kudzaza nyumba yonse, mpaka Tsabola anasiya zidole zake n'kudzaima pakhomo. Mayi anakhala pampando, manja atapinda pachifuwa.

"Ameneyu amatchedwa esipureso, amayi," anatero akupukusa kachigayo kamanja. "Amakhala wochepa, kapu yake ndi iyi, koma mphamvu zake n'zambiri. Chinsinsi n'kugaya nthawi yomweyo. Khofi wogayiratu fungo limathawa. Njerezinso sizifuna kukhalitsa, zikangokazingidwa zimayamba kukalamba."

Anathira khofi wogayidwayo m'kasefa kachitsulo kokhala ndi chogwirira, anasalaza ndi chala, natsindira ndi kachitsulo kolemera, n'kumangirira kumakina. Mzime ankamuyang'ana manja. Anali manja odekha, ndipo mumtima mwake ananyadira.

Khofi anatuluka mothamanga ngati madzi a pampopi, wotuwa. Wamagetsi analawa ndi kasupuni, nakwinya nkhope, n'kukhuthulira kapu yonse m'sinki.

Mzime anayesa kumutsinzinira diso, koma munthu anali ataweramira kachigayo kake, akukamanga kuti kagaye mosalala. Kapu yachiwiri inatuluka modontha, yakuda bii. Analawanso, napukusa mutu, nayonso ulendo wa m'sinki. Anatsegula mpopi n'kutsukuluza bwinobwino.

"Bambo," anatero mayi mofatsa, ndipo Mzime ankadziwa kuti mayi ake akafatsa choncho mvula ili pafupi. "Amene mukutayawo ndi madzi otsukira?"

"Ayi amayi, ndi khofi, koma sanakhale bwino. Woyamba anathamanga, ndiye wawawasa. Wachiwiri wachedwa, ndiye wawawa. Madzi a kuno ndi ena, kunjaku kulinso chinyezi, ndiye kagayidwe kake kamafuna kukasaka."

"Ndiye chinthu chikapanda kukhala bwino mumataya?"

"Eya, amayi," anayankha akumwetulira, wokondwa kuti wafunsidwa funso limene akulidziwa. "Umataya n'kuyambanso china."

Kapu yachitatu inatuluka mmene iye ankafunira, mwakachetechete, ndi thovu lofiirira pamwamba. Anaipereka ndi manja awiri, maso akuwala. Mayi anaiyang'ana, namuyang'ana iye, n'kudzuka.

"Pepani bambo, khofi sagwirizana ndi mtima wanga. Muyende bwino."

Linali bodza lamkunkhuniza, chifukwa mayiwo sankayamba tsiku asanamwe khofi wawo wa m'botolo. Wamagetsi anatuluka ngati wanyowa ndi mvula. Makina anali akadali otentha, osanyamulika, ndiye anatsala patebulo pomwepo pamodzi ndi kachigayo ndi thumba la njere.

* * *

Mzime atabwerako koperekeza anapeza mayi ake ataima pa sinki, akumwa kapu yachitatu ija. Anali ataithira madzi otentha ndi shuga wambiri, ndipo ankamwa mokwiya, poti ngakhale khofi wa mdani sangatayidwe.

"Wamumva ndi makutu ako," anatero osatembenuka. "Chikapanda kukhala bwino umataya n'kuyambanso china."

"Amayi, amanena za khofi."

"Munthu amaonekera pa zazing'ono. Bambo a mwanayu sanalankhulepo mawu amenewo, anangochita. Uyu wachita kukuuziratu, akumwetulira." Anaika kapu pansi n'kumuyang'ana, ndipo m'maso mwawo munali mantha kuposa mkwiyo. "Iwe unalowapo m'banja, uli ndi mwana, uli ndi mabala ako. Sudzakoma tsiku lililonse. Tsiku limene udzamuwawire m'kamwa, adzakuyang'ana mmene anayang'anira makapu aja."

"Simukumudziwa, amayi."

"Iwenso uja unkati ukumudziwa. Ndinakulandira kamodzi pakhomo pano, zikwama zili m'manja, maso atatupa, mwana ali kumbuyo. Kachiwiri sindingathe, ndakalamba. Bola bambo a mwanayu, minga yawo tikudziwa pamene ili."

Chimene chinamupweteka kwambiri Mzime n'chakuti mawuwo anapeza malo mumtima mwake. Nayenso, ataona kapu ija ikukhuthulidwa, anakumbuka tsiku limene anauzidwa kuti chikondi chatha.

Mayi anatenga nsalu ya patebulo yakale n'kuvundikira makina aja.

* * *

Mauthenga a Wamagetsi anayamba kugwa pafoni ngati matalala. "Ndalakwa chiyani?" "Kodi anali wowawa?" "Mwina ndikanathira mkaka?" Mzime ankawawerenga, n'kuseka, n'kulira, osayankha. Patapita masiku anaona kuti kukhala chete sikuphika kanthu, ndiye ataweruka kuntchito analunjika kunyumba kwa Wamagetsi.

Asanagogode anamva kuseka kwa mkazi.

Pampando, pa malo amene Mzime ankakonda kukhala, panali mphunzitsi wa khomo loyandikana, mtsikana wa miyendo yaitali amene ankaseka nthabwala isanathe. Anali atapiringiza miyendo, kapu ili m'manja. Wamagetsi anali pa stovu ndi kampoto kachitsulo ka zipinda ziwiri, kamene madzi amawira m'munsi n'kukwera okha kudutsa mu khofi.

"Kodi ndinu asisi aja, mwana wa apongozi ovuta?" anafunsa mphunzitsiyo mokoma ngati uchi. "Aneba angawa anandiuza zonse, ndinawamvera chisoni. Ine ndiye chilichonse chimene apanga ndimamwa, sindivuta."

"Zikuoneka," anatero Mzime.

Kampoto kanayamba kukhosomola. Wamagetsi anakachotsa pamoto msanga, chifukwa kakapitiriza khofi amapserera, koma nkhope yake inkaonetsa kuti akudziwa zoti m'chipindamo mukupserera zina. Mphunzitsi anamaliza khofi wake mosafulumira, nayamikira, natuluka akugwedeza chiuno, chitseko n'kuchisiya chotsegula.

"Ndiye nkhani za mayi anga zafika kwa aneba?" anafunsa Mzime atatseka chitsekocho.

"Anandipeza nditakhala panja ngati wofedwa, anandifunsa. Iwe sumayankha foni. Ndikanalankhula ndi khoma?"

"Khoma silivala siketi yaifupi."

"Mzime, munthu uja amangofuna khofi waulere."

"Iwe ndiye wamagetsi, koma m'mutu mwako muli mdima. Khofi ali ndi mashopu ake. Uja akufuna wopanga."

Wamagetsi anafuna kuseka, koma ataona maso a Mzime analeka. Anamukokera mpando wina, osati uja, n'kukhala moyang'anizana naye.

"Ndiuze chimene ndinalakwa. Ndaganiza mpaka mutu ukupweteka. Ndinkafuna kuwapatsa chinthu chabwino kuposa zonse zimene ndimatha. Ndikanawapatsa wowawasa uja?"

"Ukanawapatsa. Akanamwa, akanadandaula, mwina akanakukonda." Mzime anapuma. "Unati chinthu chikapanda kukhala bwino umataya n'kuyambanso china. Amayi sanamve za khofi. Anamva za ine."

Wamagetsi anagwira kumutu ndi manja onse awiri.

"Nanga iwe unamva chiyani?"

Mzime anayang'ana pansi. "Ndinaopa. Sindikubisira."

Wamagetsi sanalumbire, sanatchule nyenyezi kapena mwezi monga amachitira amuna a pakamwa potsekemera. Anangomugwira dzanja.

"Ndipite ndikawafotokozere."

"Usayerekeze. Fupa lokakamiza limaswa mphika. Ndipo iwe ukayamba kufotokoza umaonjezera mlandu."

"Nanga makina anga?"

"Ali pansi pa nsalu, akulira maliro."

Apo ndiye anaseka onse awiri, kuseka kwa anthu amene aona kuti sanatayane. Potuluka Mzime anapeza mphunzitsi akuthirira maluwa amene anali onyowa kale, ndipo anamutsanzika mwaulemu wonse.

* * *

M'mawa wina Mzime anadzidzimuka ndi phokoso lachilendo, ngati khoswe akutafuna thabwa. Ananyang'ama mpaka pakhomo la khitchini. Nsalu ija inali itapindidwa pampando. Mayi ake, duku lili kumutu, magalasi ali pamphuno, anali atapanira kachigayo pakati pa mawondo akupukusa ndi mphamvu zawo zonse.

"Amayi?"

Mayi sanachite manyazi ngakhale pang'ono. "Mwini wake ananena yekha kuti njerezi zikakhalitsa zimakalamba. Ndiye zizingoonongeka ine ndikuona? Usaime ngati mtengo, tandionetsa poyatsira."

Kuyambira tsiku limenelo khitchini inasanduka bwalo la nkhondo. Mayi anali ndi chikhulupiriro chawo chakuti chogaya chabwino n'chosalala ngati ufa, ndiye tsiku lililonse ankamanga kachigayo mowonjezera. Potsindira ankachita kuimirira n'kugwetserapo thupi lonse. Khofi ankatuluka wakuda, wonunkha chopserera, wowawa mpaka m'makutu. Mzime analawa kamodzi n'kuthawa. Koma mayi ankamwa kapu iliyonse mpaka pansi, nkhope itakwinyika, misozi ili m'maso, chifukwa kutaya kunali kuvomereza kuti mnyamata uja ankanena zoona.

Tulo ta masana tinawathawa. Anachapa makatani onse, anasuntha makabati, anakolopa ngakhale kuseri kwa firiji kumene sikunaonepo chokolopera. Tsabola anauza anzake kusukulu kuti agogo ake alowa magetsi.

Mzime ankangoonerera, kuseka akubisa m'manja. Koma anaonanso china. Mayi ake akamapukuta makinawo ankawapukuta mosamala, n'kumayang'ana mmene waya wake anamangidwira, mmene chogwirira chothyoka chinalumikizidwira ndi kamtengo kosema bwino.

"Makinawa ndi akale," anatero tsiku lina ngati akulankhula okha.

"Anawatola kwa munthu amene ankafuna kuwataya," anayankha Mzime. "Anawakonza yekha."

Mayi anangoti "Mhm," n'kupitiriza kupukuta.

Loweruka m'mawa makina anabuula, nanjenjemera, osatulutsa ngakhale dontho. Chogwirira chinakanirira, osatembenuka. Mayi anakoka, anapemphera, anakokanso. Pomaliza anapukuta manja n'kuyang'ana kumbali.

"Muimbire. Koma umuuze kuti ndi nkhani ya makina, osati ina."

* * *

Wamagetsi anafika atavala malaya ositidwa ngati akupita kukafunsira ntchito. Anapereka moni, nazimitsa makina, nadikira kuti mphamvu ya nthunzi itsike, kenako anatembenuza chogwirira pang'onopang'ono mpaka chinamasuka. Khofi wa m'kasefa anali atauma gwa ngati njerwa. Anamuyang'ana, nayang'ana ufa wakuda umene unali m'mbale, koma pakamwa anatseka. Mzime anathokoza mumtima.

Atatsuka zonse anati, "Ali bwino tsopano, amayi. Ndikupangireni?"

"Ayi. Khalani pansi, bambo. Lero ndipanga ndine."

Anatapa ufa wawo womwe uja, poti wogayidwa kale sungatayidwe, natsindira monga mwa masiku onse. Makina anabuulanso, koma ulendo uno analola. Khofi anadontha mochedwa, wakuda ngati oyilo wotha ntchito. Mayi anaika kapuyo pa kambale n'kuikankhira kwa mlendo.

"Imwani."

Mzime anafuna kulankhula, mayi ake anamuyang'ana kamodzi, iye n'kumeza mawu. Wamagetsi ananyamula kapu ndi manja awiri. Atangolawa, khosi lake linaima, maso anafiira. Anapuma, namwanso, namwanso, mpaka kapu inatsala yopanda kanthu.

"Wakoma?" anafunsa mayi.

"Ayi, amayi. Wawawa kwambiri."

Mzime anatsinzina. Munthu uyu analibe ngakhale kabodza kamodzi kosungira tsiku la mavuto.

"Ndiye bwanji simunataye? Sinki si iyo?"

Wamagetsi anayang'ana m'kapu, mawu akuwasaka mmodzimmodzi. "Ndimataya wanga, amayi, chifukwa wolakwitsa ndimakhala ine, ndipo sindifuna kuti kulakwitsa kwanga kukawawe m'kamwa mwa munthu wina. Uyu mwagaya ndi manja anu, mwandipatsa. Sindingamutaye." Anameza malovu owawa aja. "Komanso tsiku lija sindinalankhule bwino. Khofi akawawa mlandu sukhala wa njere. Njere zimakhala zomwezo, sindisintha thumba. Amene amayenera kusintha ndi wogayayo."

Mzime anatembenukira ku zenera kuti asaonetse misozi. Anamukonda munthuyo nthawi imeneyo kuposa kale lonse, ndi manyazi ake omwe, ndi lilime lake lolemera.

Mayi anavula magalasi, nawapukuta ndi nsonga ya duku, nawavalanso.

"Ndiye mukuti wolakwa ndine wogaya?"

"Pa khofi yekhayu, amayi, eya."

Mayi anaseka. Kunali kuseka kwenikweni, kochokera m'mimba, kumene Mzime anali asanakumve kwa nthawi yaitali. "Mwana wopanda ulemu. Tabwerani mundionetse pamene ndikulakwitsa."

Anaima limodzi patebulo, mitu itagundana. Wamagetsi anamasula kachigayo pang'ono, nagaya, nathira pachikhatho cha mayi. "Tafikisani ndi zala. Asakhale ufa, azimveka timchenga pang'ono, ngati mchere wosalala. Potsindira musalimbane naye, ingoonetsetsani kuti mwalunjika, apo ayi madzi amapeza njira yachidule mbali imodzi. Kapu muyambe mwaitenthetsa ndi madzi otentha, khofiyu sakonda kugwera pozizira."

"Ali ndi matama ngati mwini wake," anatero mayi, koma anachita zonse mmene anauzidwira.

Ulendo uno khofi anatsika ngati kachingwe ka uchi, wofiirira, thovu n'kukhazikika pamwamba. Mayi analawa. Anatseka maso, nalawanso.

"Shuga ndiye safunikanso kwenikweni," anatero, akuthiramo supuni yodzaza. Kenako analoza Wamagetsi ndi supuni yomweyo. "Koma mumve. M'nyumba muno makapu olakwika azipita mu jagi. Tizithira mkaka masana n'kumwa. Mwamva, mwananga?"

Mzime anamva liwu lomalizalo. Wamagetsi nayenso analimva, chifukwa makutu ake anachita kuyaka.

"Ndamva, amayi."

"Ndipo mukabwere ndi akuluakulu a kwanu. Sindingamalankhule nkhani zazikulu ndi munthu amene mawu ake amatuluka modontha."

* * *

Akuseka choncho, panja panalira hutala ya galimoto.

Mzime anaidziwa hutalayo asanaganize n'komwe. Atayang'ana mayi ake anaona kuti kuseka kwawathera pankhope, supuni ili m'malere.

"Amayi, ndani ameneyo?"

"Mwana wanga, undikhululukire," ananong'ona mayi. "Tsiku lija ndinapsa mtima, ndinaimbira mayi a bambo a Tsabola. Ndinamva kuti mkazi uja anamuthawa. Ndinawauza kuti ngati mwana wawo akufuna kukonza zinthu, pakhomo pano m'potsegula. Ndimati ndiwaimbirenso lero lomwe kuti ndiwaletse."

Asanamalize, kuchipinda kunamveka timapazi tikuthamanga, chitseko chakumaso n'kumenyetseka kukhoma.

"Adadi! Adadi abwera!"

Bambo a Tsabola analowa monga ankalowera kale, mafuta onunkhira ali patsogolo, mwini wake pambuyo. Anali atanyamula mwana ndi dzanja limodzi, kwinaku chidole chachikulu cha m'pepala lonyezimira. Anali atawonda pang'ono, ndipo kuwondako kunamukhala, zimene zinamukwiyitsa Mzime. Anapereka moni kwa mayi mogwada bwino, kenako maso ake anagwera pa Wamagetsi, pa makina, ndi pa makapu awiri a patebulo.

"Pepani, sindinadziwe kuti muli ndi amisiri. Ndidikira amalize."

Wamagetsi anadzuka, nayamba kufunafuna chikwama chake cha zipangizo, maso ali pansi. Mzime anafuna kumugwira koma manja anamukanika. Amene anamugwira ndi mayi. Anaika dzanja paphewa pake n'kumukhazikanso pampando.

"Khalani pansi, mwananga. Mlendo pano si inu."

Nkhope ya bambo a Tsabola inasintha. Anangomukweza mwana bwinobwino pamkono n'kumunong'oneza kanthu kukhutu. Tsabola anamukumbatira m'khosi ndi timanja tonse tiwiri, natembenukira kwa mayi ake.

"Amami, adadi akuti nyumba yathu ija ilipobe, ndi bedi langa lomwe. Akuti sadzachokanso. Akuti tikhoza kupita lero." Kenako anayang'ana Wamagetsi mokoma mtima, poti ankamukonda. "Ankolo, inunso muzibwera kudzatipangira khofi, eti?"

Mzime anayang'ana mwana wake. Chichokereni bambo ake, Tsabola anali asanamwetulirepo choncho, mano onse ali panja, maso akuwala, akudikira kuti amami anene kuti eya.